Tsiku la pamadzi pakati pa ulendo wa njinga: ndikonzekere bwanji?

Anzanga okonda kutchova njinga, ndithandizeni nzeru. Ndikukonzekera ulendo wautali wa panjinga kudera lotentha la m'mbali mwa nyanja ya mchere. Pakati pa ulendowu pali tsiku loti njinga tizisiye kumtunda, tikwere boti, kenaka aliyense apalase kayak yake (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi).

Nkhawa yanga yaikulu ndi thupi. Miyendo inazolowera kale, koma nkhafi imafuna mapewa, msana ndi chiuno. Kodi mawa lake munthu amatha kugwira handulo bwinobwino kwa maola angapo, kapena ndi bwino kupuma kaye? Nanga matuza a m'manja mumawapewa bwanji? Magolovesi a panjinga amathandizabe akanyowa?

Chinanso ndi dzuwa. Pamadzi limawotcha kuchokera kumwamba komanso pakunyezimira kwa madziwo, ndipo ntchafu ndi mapazi zimakhala poyera tsiku lonse. Inu mumavala chiyani?

Kusambira ndimatha pang'ono chabe, ndiye ndikufuna kudziwa ngati jekete loyandamitsa lili lokwanira mphepo ikakula masana.

Ndiponso mpweya wa mchere umachititsa tcheni dzimbiri msanga. Mumachitsuka ndi kuthira oyilo musanakwere boti, kapena mukabwerako?