Vanishi wa matabwa a pansi watha, ndingangopakanso pamwamba?

Nachisale, Area 10:
Akuluakulu, pabalaza pathu pansi ndi timatabwa ta mlombwa, tija ta parquet. Polowera vanishi watha, ndipo pamene pankakhala mphika wa maluwa pada bii. Timapaka polishi wa Cobra Loweruka lililonse. Kodi ndingangopaka vanishi pamwamba?

Mmisiri wa ku Kawale:
Ayi mayi, musatero. Polishiyo ndi phula, ndipo vanishi sagwira pa phula: amachita timaenje, kenako n'kumamatuka. Yambani mwapukuta ndi nsanza yonyowetsa ndi turpentine (mafuta osungunulira penti), mukusintha nsanza mpaka izituluka yoyera. Mukangoyamba ndi sandipepa, phula limamata sandipepayo n'kulowa m'thabwa.

Kenako donthezani madzi pang'ono. Akakhala pamwamba, vanishi akadalipo. Kwechani mopepuka ndi sandipepa ya nambala 120 (nambala ikamakula, sandipepa imakhala yosalala) kuti watsopano agwire. Akalowa thabwa n'kuda, pamenepo mpofunika kupala mpaka thabwa lenileni: 60, kenako 80, pomaliza 120, osadumpha. Mikwingwirima ya 60 imene yatsala imaoneka kwambiri vanishi akangopakwa. Timatabwato tinayalidwa mopingasana, choncho pamalo pang'ono palani kathabwa kamodzikamodzi motsata mizere yake.

Bambo Phiri, Area 25:
Banga lakudalo ndi madzi amene analowa m'thabwa, sandipepa yokha siilichotsa. Sungunulani oxalic acid (mankhwala a ufa oyeretsa thabwa) m'madzi ofunda, pakani, akauma tsukani ndi madzi oyera kawiri, n'kusiya tsiku lathunthu. Valani magolovesi, ndipo fumbi lake musalipume. Gogodaninso timatabwa ta pamenepo. Kolira ngati pansi pake palibe kanthu, kasiyana ndi simenti. Kachotseni, palani phula lakuda lakale limene anakamatira, mukamatenso. M'mipata thirani utuchi wosalala wa thabwa lomwelo wosakaniza ndi guluu.

Mmisiri wa ku Kawale:
Zoona a Phiri. Pa vanishi, gulani wa mtundu wa polyurethane wa mafuta, wolembedwa kuti ndi wa pansi, osati wa mipando. Kupaka koyamba musakanize ndi turpentine, gawo 1 pa magawo 10, kuti alowe. Pakani katatu mopyapyala, kusiya maola 24 pakati pake n'kukwecha ndi 220. Lita imodzi imakwana pafupifupi masikweya mita 10 kupaka kamodzi. Nthawi ya mvula amachedwa kuuma, pomwe mu Seputembala ndi Okutobala mdani ndi fumbi: tsegulani zenera la mbali yopanda mphepo lokha. Mukangokonza malo ochepa, chigamba chimaonekabe chifukwa vanishi wakale anachita chikasu, ndiye ngati malo owonongeka ndi ambiri, bwerekani makina mupale balaza lonse. Mipando ibwerere pakatha sabata, ndipo Cobra asadzapakidweponso.