Bwanji a Lutheran sapereka Mgonero kwa mlendo?

Nabanda_Kabwata: Abale, ndithandizeni. Mkhristu wobatizidwa wa Reformed Church akakapemphera ku Lutheran Church of Central Africa (LCCA), bwanji samulola kudya Mgonero? Kodi ndiye kuti samuyesa Mkhristu? Nanga akafuna kulowa mpingowo, amabatizidwanso?

Mkulu_wa_ku_Matero: Amayi, ubatizo sabwereza. Ngati munthu anabatizidwa ndi madzi m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, kaya ali khanda kaya wamkulu, kaya momuwaza kaya momumiza, ubatizowo ndi wokwanira. A Lutheran amaphunzitsa kuti pa ubatizo wogwira ntchito ndi Mulungu osati munthu, n'chifukwa chake amabatizanso makanda.

Pa Mgonero ndi pamene pagona nkhani. A Lutheran amatenga mawu akuti "ili ndi thupi langa" mmene alili: wolandira mkate ndi vinyo amalandira pakamwa pake thupi ndi mwazi weniweni wa Khristu. Mkate ukhalabe mkate ndithu, ndipo Mgonero si nsembe yoperekedwa kwa Mulungu, apa ndi posiyana ndi Akatolika. A Reformed nawo amati thupi la Khristu lili kumwamba, wokhulupirira amadya mwauzimu. Kusiyanaku si kwa lero. Luther ndi Zwingli, mtsogoleri wa a Reformed, anakhalirana pansi ku Marburg mu 1529, anagwirizana pa zambiri, koma pa mfundo imeneyi anabalalika osamvana.

Ndiye abusa akawerenga 1 Akorinto 11:27-29, pomwe Paulo akuchenjeza za kudya osazindikira thupi la Ambuye, amaona kuti kupatsa munthu amene sanamuphunzitse n'kumuika pangozi. Komanso kugwada pagome limodzi ndi umboni wakuti timavomereza chiphunzitso chimodzi. Sakunena kuti mlendoyo si Mkhristu ayi.

aPhiri_Chelston: Ndiwonjezere za kalowedwe. Munthu amayamba waonana ndi abusa, osati m'mawa wa tsiku la Mgonero anthu atakhala kale m'tchalitchi, koma mkati mwa sabata. Kenako amalowa kalasi ya Katekisimu Wamng'ono yemwe Luther analemba mu 1529. Muli zigawo zisanu ndi chimodzi: Malamulo Khumi, Chikhulupiriro cha Atumwi, Pemphero la Ambuye, Ubatizo, Makiyi (ulamuliro wa mpingo wokhululukira kapena kusakhululukira machimo) ndi kuulula machimo, ndi Mgonero. Akamaliza amavomereza pamaso pa mpingo kuti izi ndi zimene akukhulupirira, basi wayamba kudya nawo.

Ambiri amapunthwa pa kalata. Kalata yosamukira imagwira ntchito ngati ikuchokera ku mpingo wa chiphunzitso chomwecho, monga wa LCCA ku Chipata kapena ku Malawi. Ya mpingo wina imangotsimikizira za ubatizo, kalasi ilipobe. Ena amaloweza mayankho bwinobwino, koma ukawafunsa kuti munthu amapulumuka bwanji, amayamba kutchula chakhumi ndi kusiya mowa. Pamenepo abusa amabwerera nawo pa Aefeso 2:8-9, chifukwa mutu wa zonse ndi chisomo chokha, mwa chikhulupiriro chokha, monga Malemba okha anenera.

Mwale_wa_Kanyama: Chenjeraninso ndi dzina, amayi. Si mpingo uliwonse wolemba Lutheran pachikwangwani umachita chimodzimodzi. LCCA inayamba ndi amishonale a Wisconsin Synod ya ku America omwe anayamba ntchito kuno mu 1953, ku Lusaka ndi ku Mwembezhi, ndipo seminale yawo ili ku Chelston. Iwowa amagwira Book of Concord (buku la zivomerezo za a Lutheran) ya 1580 yonse, momwe mulinso Chivomerezo cha ku Augsburg cha 1530, ndipo sadzoza amayi kukhala abusa. Evangelical Lutheran Church in Zambia ndi mpingo wina, uli mu Lutheran World Federation. Ndiye funsani kaye kuti tchalitchi chimene mukunenacho ndi cha mbali iti.

Nabanda_Kabwata: Zikomo akuluakulu, zamveka. Nanga wakalasi azipita ku mapemphero ngakhale sakudya?

aPhiri_Chelston: Azipita ndithu. Ulaliki, nyimbo ndi chikhululukiro chimene abusa amalengeza kumayambiriro kwa mapemphero amamva nawo onse. Nthawi ya Mgonero amangokhala pampando pake, anzake n'kumapita kutsogolo.