Teal iwiri yosiyana pa oda imodzi ya ukwati, nditani?

Amake mapasa, Chilenje:
Anzanga osoka, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndili ndi oda ya madiresi 8 a atsikana operekeza mkwatibwi, ukwati ndi kumapeto kwa mwezi uno. Mkwatibwi amakhala ku Johannesburg, anangouza azakhali ake pafoni kuti mtundu ndi teal. Azakhaliwo anagula mamita 14 a satini ku Kamwala n'kundibweretsera, akuti yotsalayo adzagula ndalama zikapezeka. Ndadula kale madiresi atatu, mamita 9 apita. Dzulo abwera ndi mamita ena 12 ochokera kushopu ina chifukwa koyamba kuja inatha. Malisiti onse awiri akuti teal. Koma nditaziyala pathebulo, yoyamba ikupendekera kobiriwira, yachiwiri ikupendekera ku buluu. Azakhali akulumbira kuti m'shopu zimaoneka zofanana ndendende. Ndipitirize kudula?

Abambo a masuti, Matero:
Mayi, sizasi ikani pansi kaye. Satini ndi yachinyengo, imawala mosiyana mukaitembenuza mutu. Tulukani nazo panja m'mawa, pamthunzi osati padzuwa lenileni, muziyale zonse ziwiri kuloza mbali imodzi, kenako mutembenuze imodzi. Nthawi zina vuto limathera pomwepo.

Amake mapasa, Chilenje:
Ndachita zimenezo abambo, ndatembenuza uku ndi uku. Panja ndiye kusiyana kukuchita kufuula.

Abambo a masuti, Matero:
Ndiye azakhali sakunama. Nsalu ziwiri zonyikidwa ndi mankhwala osiyana zimatha kufanana pansi pa magetsi a m'shopu n'kudzasiyana padzuwa. Ndipo zithunzi za ukwati amajambula panja.

Kamtsikana ka mashini, Kalingalinga:
Bwanji osangozinyika zonse mu dayi mmodzi kuti zifanane? Ndikungofunsa akuluakulu, ine ndikadali wophunzira.

Amayi a tayi-dayi, Kabwata:
Mwanangu, funso ndi labwino koma yankho ndi ayi. Amake mapasa, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi. Kakafwanyala n'kusiya kampira kolimba kakuda, ndi poliyesitala, ndipo satini yambiri ya maukwati m'tauni muno ndi yomweyo. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa. Dayi wa m'mapaketi amene ife timanyikira thonje sagwira pa poliyesitala, amangodetsa pamwamba n'kuchoka pochapa, mwinanso kutsalira m'khwapa mwa mwana wa eni ake tsiku la ukwati. Poliyesitala imafuna dayi wakewake ndi moto waukulu, kumafakitale amaiphika kupitirira pomwe madzi amawirira. Ngakhale mutaupeza dayi ameneyo, nsalu ziwiri zoyamba mosiyana zimatulukanso mosiyana. Musaononge mamita 26 a anthu.

Aphunzitsi a makatani, Woodlands:
Ndisanayambe kusoka makatani ndinkaphunzitsa zojambula, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa nkhani ya teal imeneyi yandivutitsapo ndi makasitomala ambiri. Palibe shopu yomwe yalakwa apa. Teal ndi dzina la kabakha kam'tchire ka ku Ulaya ndi ku Asia. Katambala kake kali ndi mutu wofiirira, ndiye kuchokera padiso kupita kunkhongo kuli mzere wobiriwira wonyezimira. Mzere umenewo ndiwo unapereka dzina. Nthenga zonyezimira zimasintha mbalame ikatembenuka, pano zobiriwira, pano zabuluu. Ndiye fakitale ina ikamati teal, inzake ikamatinso teal, aliyense wagwira bakha mbali yake. Chosekesa n'chakuti kuno kwathu abakha otchedwa teal aliko, mukapita ku Lochinvar kumadambo a Kafue mukawapeza a milomo yofiira, koma mzere wa padiso uja alibe. Mutati mukafufuze mtunduwo pa bakha wathu mubwerako chimanjamanja.

Maina ambiri amene makasitomala amatiponyera ndi otero. Anthu anatchula mtundu poloza chinthu chomwe ankachiona tsiku ndi tsiku, ife tinangolandira dzina chinthucho osachiona. Turquoise ndi mwala, unkakumbidwa ku Persia, komwe lero ndi Iran, n'kufika ku Ulaya kudzera kwa anthu a ku Turkey, Afalansa n'kumautcha mwala wa ku Turkey. Miyalayo payokha ina ndi ya buluu wa kumwamba, ina yobiriwirako. Maroon anachokera ku mtedza wina wa mumtengo umene Afalansa amati marron, ndipo khungu lake ndi lakhofi, pomwe ife tikamati maruni timaganiza yunifomu yofiira moderako. Burgundy ndi vinyo wa kudera lina la France. Khaki ndi fumbi chabe m'chinenero cha Urdu, asilikali a Britain ku India ndiwo anamufalitsa.

Wina akhoza kunena kuti vuto ndi loti zinthuzo ndi zakutali. Tengani emerald, yomwe ndi yathuyathu ya ku Lufwanyama. Ogula miyala amadziwa kuti emerald ya ku Zambia imakhala ndi kabuluu mkati, pamene ya ku Colombia ndi yobiriwira moyera. Kasitomala akati emerald green, akunena ya mgodi uti?

Abambo a masuti, Matero:
Aphunzitsi mwatibwezera m'kalasi. Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikusoka mataye a bakha osadziwa.

Amayi a tayi-dayi, Kabwata:
Ndiwonjezereko kumbali yathu ya onyika. Kale dzina linkamanga mtundu chifukwa dayi ankachokera ku chinthu chimodzi. Indigo anali masamba a chitsamba, dzinalo likuloza ku India, ndipo ku Kano ku Nigeria mpaka lero amanyika m'maenje. Kufiira kwa carmine kunkachokera ku tizilombo tokhala pa mitengo ya kakitasi ku Mexico. Chibakuwa chija ankagulitsa Lidiya wa m'Baibulo chinali mtundu wa olemera, ndipo chodula kwambiri chinkachokera ku nkhono za m'nyanja ya Mediterranean. Katswiri wina wa ku Germany, Paul Friedländer, anayesa mu 1909, nkhono 12,000 zinangomupatsa magalamu 1.4. N'chifukwa chake ankavala ndi mafumu. Zinasintha mu 1856 pamene mnyamata wa zaka 18 ku London, William Perkin, ankayesa kupanga kwinini wa malungo kuchokera ku phula la malasha, m'malo mwake n'kutulutsa dayi wa pepo amene anadzatchedwa mauve, dzina la duwa. Kuyambira pamenepo fakitale iliyonse imasakaniza mankhwala ake n'kumatapo dzina lomwe ligulitse. Ngakhale mu fakitale imodzi, mpukutu wonyikidwa lero ndi wa mwezi wamawa sufanana kwenikweni. Ife tikati chikasu aliyense amadziwa chifukwa chikasu chili kukhitchini, mukhoza kuchithyola n'kuyang'ana. Teal mukamuthyola kuti?

Amake mapasa, Chilenje:
Zikomo nonse, ndaphunzira za bakha, koma madiresi akadali pathebulo. Ndichite chiyani?

Asisi a maukwati, Kamwala South:
Asisi, tiyeni tiwerenge. Musayese kubisa kusiyanako, anthu adzaona. Musasokenso atatu a mtundu uwu, asanu a mtundu uwo, pa chithunzi zidzaoneka ngati ndalama zinathera panjira. Diresi lililonse likhale ndi nsalu zonse ziwiri. Ngati mukudya mamita atatu pa diresi, ndiye kuti siketi ndi awiri, chakumtunda imodzi. Zakumtunda zitatu mwadula kale pa nsalu yoyamba, ndipo yatsala mamita 5, yokwanira zakumtunda zisanu zotsalazo. Masiketi onse 8 adulidwe pa yachiwiri, afuna mamita 16, inu muli ndi 12. Mukusowa 4 basi. Thamangani lero lomwe kushopu yachiwiriyo ndi kachidutswa m'manja, muone ngati mpukutu womwewo ulipo, musatchule dzina la mtundu, ingoonetsani. M'chiuno ikani lamba wa lesi kapena wasiliva kuti nsalu ziwirizo zisakhudzane. Zikalekana ndi lamba, diso limati anachita dala.

Masiketi atatu odula kalewo asakupwetekeni mtima. Mutulutsamo mataye ndi timipango ta m'thumba ta anyamata, mwinanso kadiresi ka kamwana ka maluwa.

Aphunzitsi a makatani, Woodlands:
Asisi anena zomveka. Koma musadule mkwatibwi asanavomere, ndipo musadalire chithunzi cha pa WhatsApp, foni iliyonse imaonetsa teal wakewake. Jambulani nsalu ziwirizo pamodzi panja, pambali pake pakhale pepala loyera, kuti aone kusiyanako osati mtundu wokha. Akavomera, dulani tizidutswa tiwiri mumate ndi sitepula m'buku la maoda, azakhali asaine pambali. Ine makasitomala a maofesi ndimawapempha nambala ya Pantone, buku la mitundu lija linayamba mu 1963, koma ku Kamwala palibe adzakufunseni nambala, kachidutswa ndiye kamalankhula.

Abambo a masuti, Matero:
Ndipo mamita 4 amenewo agule ndi a banja. Nsalu anasankha okha, inu munangolandira. Muwauze mwaulemu koma lero, osadikira tsiku lotenga madiresi.

Amake mapasa, Chilenje:
Ndabwerako. Mpukutu ndaupeza, wotsala pang'ono, azakhali alipira mamita 5 kuti pakhale yapadera. Mkwatibwi poyamba anakhumudwa, koma nditamujambulira chakumtunda chimodzi nditachigoneka pa nsalu ya siketi ndi lesi pakati, wati zikuposa zomwe ankaganiza, akufunanso mataye. Asainira. Kafunso komaliza: zipi ndi ulusi ndilondole nsalu iti?

Asisi a maukwati, Kamwala South:
Zipi yobisika, ya mtundu wa chakumtunda chifukwa ndi komwe yambiri imakhala. Ulusi gulani iwiri, uliwonse woderako pang'ono kuposa nsalu yake, ndipo posankha musolole kachingwe kamodzi mukagoneke pansalu, musayerekeze ndi chibiringa chonse. Singano ikhale yatsopano yopyapyala, nambala 70, satini imakoka ulusi ikakumana ndi yobuntha.