Left tackle atengedwe liti pa draft? Ndithandizeni

Anzanga otsata NFL, ligi ya American football ija, tandithandizeni pa nkhani iyi chifukwa ndatsutsana ndi mchimwene wanga mpaka tulo osabwera. Kodi timu ikakhala ndi pick yapamwamba, ndiye kuti mwayi wosankha koyambirira pa draft pamene matimu amasankha osewera atsopano, itenge left tackle kapena wogwira mpira kaye? Ine ndimati tackle, poti iyeyu ndi amene amatchinga kumsana kwa quarterback (woponya mpira uja) ngati amaponya ndi dzanja lamanja, mbali imene saonako.

Koma onani za 2021. Bengals anali pa nambala 5, quarterback wawo Joe Burrow atangovulala bondo chaka chathacho, ambiri ankati atenge tackle Penei Sewell, iwo basi kutenga wogwira mpira Ja'Marr Chase, Sewell n'kupita ku Lions pa 7. Bengals anafikadi pa Super Bowl, fainolo ya NFL, inde, koma Burrow anagwetsedwa ka 51 mu sizoni imeneyo, pa fainolo Rams n'kumugwetsanso ka 7. Ndiye pamenepa wolondola ndani?

Mchimweneyo akungonditchulira Jordan Mailata, wa rugby uja Eagles anamutola mu round 7, yomaliza pa draft, mu 2018, akuti tackle umatha kumupeza mochedwa n'kumuphunzitsa. Ine ndikuona ngati unali mwayi chabe. Mukanakhala GM, bwana wosankha osewera a timu, inuyo, quarterback wanu akadali wachichepere, mukanatani?