Thandizeni: tchanelo cha pakhomo pa ErsatzTV chikuchedwa ndi maola awiri

Moni nonse a pagulu pano. Ndikufuna nzeru kwa amene munapangapo matchanelo anuanu pa Kodi kapena Jellyfin (mapulogalamu oonerapo makanema).

Ndikufuna kuti mayi anga akayatsa TV azipeza zinthu zikuonetsedwa kale, monga anazolowera. Zofufuza kanema pa mndandanda wautali sazifuna, ndipo ndikuwamvetsa. Pa hard drive ndili ndi makanema a kwaya ya kutchalitchi kwathu, a maukwati ndi zinkhoswe za pachibale, komanso makatuni a ana, ndiye ndapanga matchanelo atatu. Laputopu yakale ya Core i5 ili ndi Ubuntu, ErsatzTV (pulogalamu yosandutsa makanema anu kukhala matchanelo a TV) ikuyenda mu Docker (yomwe imayendetsa pulogalamu m'kachipinda kakekake kotchedwa container). Ku TV kuli kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4 kokhala ndi LibreELEC (sisitimu yoyendetsa Kodi), ndipo PVR IPTV Simple Client (chowonjezera cha Kodi choonera matchanelo) ikutenga M3U (mndandanda wa matchanelo) ndi XMLTV (ndandanda ya mapulogalamu) pa port 8409. Zonse zili pa rauta ya m'nyumba, sizidya bandulo.

Chondivuta kwambiri ndi nthawi. Kwaya ndinaiika kuti iziyamba 7 koloko madzulo, koma imayamba 9, mayi atagona kale. Chithunzi chimachitanso chibwibwi, laputopu n'kutentha kwambiri. Komanso magetsi akazima n'kuyakanso, guide (ndandanda ya mapulogalamu, kapena kuti EPG) ya mu Kodi nthawi zina imangobwera yopanda kanthu.

Yankho: Achimwene, mu IPTV Simple muli poika EPG time shift. Ikani maola awiri pamenepo, zikhala bwino.

Yankho: Pepani akulu, time shift imangosuntha zolembedwa pa guide, kwayayo iziyambabe 9. Vuto lili mu Docker. Container ikapanda kuuzidwa dera imayendera UTC (nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo), pamene kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye 19:00 yake ndi 21:00 yathu. Ikani TZ=Africa/Blantyre mu fayilo ya compose ya Docker, muyambitsenso container, kenako mupange reset ya playout mu ErsatzTV kuti ndandanda iwerengedwenso. Muonenso kuti start type ya kwayayo ndi Fixed. Ikakhala Dynamic imadikira kuti pulogalamu yoyambirira ithe kaye.

Wofunsa: Zikomo abwana, za TZ zija zatheka, guide tsopano ikuonetsa 19:00. Nanga chibwibwichi?

Yankho: ErsatzTV imasandutsa makanema onse kudzera mu FFmpeg kuti afanane kukula, poti ena munajambula pa foni, ena pa kamera ya wamavidiyo. Ntchito yonseyo ikagwera CPU, laputopu yakale siingapirire. Ipatseni container njira ya /dev/dri, ndiye mu FFmpeg profile musankhe VAAPI kapena QSV kuti chipu cha Intel chigwire ntchitoyo. Ine ndingatsitsenso mpaka 720p. Mavidiyo a ukwati ochokera pa DVD ndi aang'ono kale, kuwakoka mpaka 1080p n'kungotenthetsa makina pachabe. Ngati Pi ili pa Wi-Fi, ikokereni waya.

Yankho: Alongo anga ndinawapangira zonga zomwezi. Za guide yopanda kanthu, Pi 4 ilibe wotchi yosunga nthawi ikazima, imafunsa nthawi pa intaneti ikayaka. Bandulo ikakhala kuti yatha, kapena rauta yachedwa kudzuka, Kodi imayamba ndi tsiku lolakwika, mapulogalamu osaoneka. Laputopu ili ndi wotchi yake, choncho ikani chrony pamenepo kuti izipereka nthawi m'nyumbamo ngakhale intaneti palibe, n'kulemba IP yake pa timeserver mu settings za LibreELEC. Kapena gulani kawotchi ka DS3231 kokhala ndi batire, kolumikiza pa Pi.

Wofunsa: Ndayamika kwambiri nonse. Chrony ndiyesa mawa. Funso lina, pa makatuni a ana: pali njira yoti tchanelocho chizitseka 8 koloko usiku?

Yankho: Ilipo. Pa schedule ikani chinthu china cha Fixed pa 20:00, playout mode ikhale Flood (yomwe imangoonetsabe mpaka nthawi ya Fixed yotsatira), muikemo kanema wa chithunzi chimodzi kapena nyimbo zofatsa. Ndiye makatuni muwapatse Fixed yawo ya m'mawa, kuti Flood ija ithere pamenepo.