Amavomera pamsonkhano koma ntchito siyenda: ndithandizeni maganizo

Moni nonse a m'gulu lino.

Ndakhala ndikutsogolera nthambi ya anthu 12 kuntchito kwathu kwa miyezi 8 tsopano, ndipo ndisanakwezedwe pa udindo ndinali mmodzi mwa iwo. Vuto langa ndi lakuti pamsonkhano aliyense amavomera mfundo zomwe tamanga, koma sabata ikatha ndimapeza ntchito ili pomwe tinaisiya.

Poyamba ndinkaganiza kuti anthu amaiwala, choncho ndinayamba kulemba zomwe tagwirizana, dzina la woyenera kuzichita ndiponso tsiku lomalizira, koma sizinasinthe kanthu. Ndinapemphanso akuluakulu kuti tizipereka mphoto ya ndalama, ndipo changu chinangotha mwezi umodzi, zomwe zinandikumbutsa mfundo ya mu 1959 ya Frederick Herzberg, katswiri wa ku America wa za maganizo a anthu pantchito, yakuti malipiro amachepetsa madandaulo koma chomwe chimapatsa munthu khama ndi udindo, kuyamikiridwa komanso ntchito imene akuiona kuti ndi yaphindu.

Nditacheza ndi aliyense payekha, bambo wina amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri kuposa ine anandiuza, maso ali pansi, kuti mfundo zimafika pamsonkhano zitapsa kale. Mawuwo anandilasa chifukwa ndi oona: ndimaganiza zonse ndekha usiku, kenako n'kudzangofunsa ngati pali wotsutsa.

Inu amene munatsogolerapo anzanu omwe kale munali nawo pa udindo wofanana, munkasankha bwanji nkhani zoti gulu ligamule ndi zoti mugamule nokha? Nanga mungatani kuti munthu wosagwirizana nanu alankhule msonkhano usanathe?