Mapailoti a ndege zing'onozing'ono ku America amalandira bwanji?

Chidwi265: Abale akuti mapailoti a timakampani ting'onoting'ono ku America ankavutika, zoona? Ine ndimaona ngati pailoti aliyense ndi bwana.

MkuluWaZandege: Zoonadi achimwene, kale ongoyamba kumene ankalandira cha m'ma 20,000 dolazi pachaka, ngongole ya sukulu ili pakhosi, ena kumagona mothithikana m'nyumba za lendi pafupi ndi eyapoti. Ndege ya Colgan Air, kamodzi ka timakampani timeneti, itagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo mu 2009 m'pamene kunadzabwera lamulo loti pailoti ayambe wakwanitsa maola 1,500 akuyendetsa ndege asanalembedwe ntchito m'makampani a ndege zonyamula anthu.

Nachisale_UK: Chondinyansa ine n'choti ndalama amayamba kuwerenga chitseko cha ndege chikatsekedwa, kudikira konse kuja pansi n'kwaulere, aaa!

MkuluWaZandege: Eetu achemwali. Yuniyoni ya mapailoti ya ALPA ilipo koma sitalaka njovuta, lamulo la zantchito la Railway Labor Act, lomwe limakhudzanso makampani a ndege, limawapanikiza. Malipiro anadzakwera mu 2022 mapailoti atasowa. Ku SkyWest, imodzi mwa makampani amenewa, ndiye mapailoti alibe ndi yuniyoni yomwe.